Sitima yopanda munthu ya ku Lac-Mégantic: anthu 47 atafa, woyankha ndani?

Nthawi ili 1:15 usiku, pa 6 Julayi 2013, sitima yonyamula mafuta osayenga inalowa m'tauni ya Lac-Mégantic, m'chigawo cha Quebec ku Canada, ikuthamanga makilomita 105 pa ola. M'sitimamo munalibe munthu ndi mmodzi yemwe. Inali itatsetsereka yokha kuchokera ku Nantes, mtunda wa makilomita 11, magetsi ake ali chizimire. Pakati pa tauniyo njanji imakhota, ndipo pamalopo sitima siloledwa kupitirira makilomita 16 pa ola. Matanki 63 mwa 72 anachoka pa njanji n'kusanjikizana, ambiri anaphulika, ndipo malita pafupifupi 6 miliyoni a mafuta anakhuthukira m'misewu ndi m'ngalande akuyaka.

Anthu 47 anafa, ndipo matupi a 5 mwa iwo sanapezeke n'komwe. Ambiri anafera pa Musi-Café, malo omwera ndi oimbira nyimbo amene usikuwo anali odzaza, pokhala kumapeto kwa sabata m'nyengo yotentha. Nyumba pafupifupi 40 zinapsa, kuphatikizapo laibulale ya tauniyo ndi zolemba zake zakale. Anthu 2,000 anathawa m'nyumba zawo, m'tauni ya anthu pafupifupi 6,000 okha.

Ngoziyi inafufuzidwa mpaka pansi penipeni. Zimene zinachitika usiku umenewo zikudziwika ola ndi ola, ngakhale mawu amene anthu analankhulana pa foni anajambulidwa. Chimene chinakanika mpaka lero ndi kugwirizana za munthu woyenera kusenza mlanduwo, ndipo pamenepo ndi pamene pali nkhani yonse ya udindo wa chitetezo pa njanji.

Mabuleki 7

Sitimayo inali ya kampani ya Montreal, Maine and Atlantic, imene anthu ankangoitchula kuti MMA. Kutsogolo kunali mainjini 5 ndi bogi la zipangizo, kenako bogi lina lotchinga pakati pa mainjini ndi mafuta, ndiyeno matanki 72. Yonse inali yaitali pafupifupi kilomita imodzi ndi theka, yolemera matani oposa 10,000. Woyendetsa anali mmodzi, Tom Harding, munthu amene anali atagwira ntchito ya pa njanji zaka zoposa 30. Ananyamuka ku Farnham masana a pa 5 Julayi n'kufika ku Nantes cha m'ma 10:50 usiku. Apa ndi pamene sitima zinkagona, kudikira dalaivala wina wodzapitiriza ulendo m'mawa kulowa m'dziko la America.

Kuti timvetse cholakwa chake, tiyambe tadziwa mabuleki a sitima. Alipo amitundu itatu. Ena ndi a mpweya, ogwira mabogi onse nthawi imodzi. Ena ndi a mpweyanso koma ogwira mainjini okha. Amenewa amafuna kuti injini izilirabe n'kumapopa mpweya, chifukwa mpweyawo ukatha, amamasuka. Ndiye pali a pamanja. Munthu amakwera pa bogi lililonse n'kupukusa chiwongolero chachitsulo mpaka unyolo utakoka zitsulo zopana mawilo. Ndi ntchito yolemetsa, makamaka mumdima, ukuyenda pa miyala ya m'mbali mwa njanji uli wekha.

Lamulo limanena kuti sitima yosiyidwa popanda munthu izigwidwa ndi mabuleki a pamanja okha, ndipo woyendetsa aziyesa kaye: amasule a mpweya onse, aone ngati sitimayo ikusuntha. Nzeru yake ndi yomwe amaidziwa dalaivala wa lole amene waima pa mtsetse n'kuika mwala kunsi kwa tayala. Phazi likadali pa buleki, sangadziwe ngati mwalawo wagwira.

Harding anamanga mabuleki a pamanja 7. Poyesa, sanamasule a mpweya a mainjini. Sitima sinasunthe, iye n'kuona ngati zatheka. Malamulo a MMA ankafuna osachepera 9 pa sitima yaitali chotero. Akatswiri atayesa pambuyo pake anapeza kuti pa mtsetse wa ku Nantes panafunika pakati pa 17 ndi 26. Ndiye kuti ngakhale nambala ya kampaniyo inali yoperewera kwambiri. Koma kuyesa kuja kukanachitika bwino, kukanaonetsa kuperewerako, ndipo zimenezi sitingamuchotsere Harding.

Anasiya injini yakutsogolo yokha, nambala 5017, ikulira kuti mpweya usathe. Injiniyo inali ikufuka utsi wambiri n'kumalavula oilo, moti madontho ake anagwera pa galasi la takisi imene inabwera kudzamutenga. Anaimbira woyang'anira kayendedwe ka sitima ku Farnham kuti waimika sitima, kenako wina ku Bangor, m'chigawo cha Maine, kumuuza za vuto la injiniyo. Anagwirizana kuti idzaonedwa m'mawa. Harding anapita kukagona ku hotela ku Lac-Mégantic.

Nthawi ili 11:40, munthu wina anaimba foni kuti injini yayaka moto. Ozimitsa moto a ku Nantes anafika, anatseka mafuta, anazimitsa injini ndi magetsi ake monga momwe malangizo a kampani ya njanjiyo ankanenera, ndipo moto unazima. MMA inatumiza kapitawo wokonza njanji, munthu amene sanaphunzitsidwepo za mainjini. Iye ndi ozimitsa moto anaona kuti zonse zili bwino, aliyense n'kumapita kwawo. Harding atamva za motowo anafunsa pa foni ngati akufunika kubwerera ku Nantes, ndipo woyang'anira wa ku Farnham uja, Richard Labrie, anamuuza kuti akagone. Palibe anaganiza zoliza injini ina.

Mpweya unayamba kuphwa pang'onopang'ono. Ukanatuluka mwamphamvu, mabuleki a mabogi onse akanagwira okha, chifukwa anapangidwa choncho. Koma unkangotuluka mwapang'ono moti sanamve kanthu. Mu injinimo munalinso kachipangizo kamene kakanamanga mabuleki magetsi atazimitsidwa, koma mawaya ake analumikizidwa mosayenera. Itangotsala pang'ono kukwana 1 koloko, sitima inayamba kuyenda. Inatenga mphindi 17 kufika m'tauni.

Harding anadzidzimuka ndi kuphulikako ali ku hotela. Anatuluka n'kukathandiza anthu ena kukoka matanki 9 akumbuyo, amene sanachoke pa njanji, kuwachotsa pafupi ndi moto. Panapita maola asanauzidwe kuti sitima imene ikuyakayo ndi yake yomwe ija.

Zimene zinagamulidwa masana

Bungwe lofufuza ngozi za mtengatenga ku Canada, Transportation Safety Board, linatulutsa lipoti lake pa 19 Ogasiti 2014. Linatchula zinthu 18 zimene zinabala ngoziyo kapena kuikulitsa. Mabuleki a Harding ali m'gulumo. Zambiri mwa zotsalazo zinagamulidwa kale, masana, ndi anthu okhala m'maofesi amene usiku wa ngoziwo anali m'tulo kutali.

Tiyambe ndi malo amene sitimayo inaima. Ku Nantes kuli njanji yapambali yokhala ndi chitsulo chimene chimagwetsa dala bogi lothawa lisanalowe m'njanji yaikulu. Sitima ya mafuta ikanaima pamenepo, ikanagwera pompo ikadali pa liwiro la munthu woyenda pansi. Koma MMA inkasungirapo mabogi a fakitale ya matabwa ya Tafisa. Choncho sitima za mafuta zinkagona pa njanji yaikulu, pa mtsetse wolunjika m'tauni, popanda chotchinga chilichonse. Harding sanasankhe zimenezo. Anazipeza zili choncho, ndipo malamulo a boma a nthawiyo sankaletsa.

Injini 5017 inali itawonongekapo miyezi 8 m'mbuyomo. Kuikonza bwino kukanatenga nthawi ndi ndalama, ndipo kampani inkaifuna pa ntchito msanga, ndiye anangomata malo othyokawo ndi zomatira zosalimba. Zomatazo zitagonja, oilo anayamba kudzikundika malo otentha mpaka anayaka. Masiku awiri ngozi isanachitike, dalaivala wina anadandaula kuti injiniyo sikuyenda bwino. Inapitirizabe ntchito, ndiponso inaikidwa kutsogolo.

Malangizo a kampani ankauza madalaivala kusiya mabuleki a mpweya a mabogi onse ali omasula akaimika sitima. Maphunziro a antchito anali operewera, ndipo panalibe kuyendera kokwanira koona ngati madalaivala akumangadi sitima moyenera pa malo ngati Nantes. Ichi n'chofunika kuchimvetsa. Munthu akamachita chinthu molakwika kwa nthawi yaitali osadzudzulidwa, ndipo palibe choipa chikuchitika, kwa iye cholakwikacho chimasanduka kagwiridwe ka ntchito. Amene ali ndi udindo wogwira cholakwa chotere chisanaphe munthu ndi bwana wake.

Ndiye pali nkhani ya dalaivala mmodzi. Mu Canada monse, makampani a njanji awiri okha ndi amene ankayendetsa sitima za katundu ndi munthu mmodzi. Ina, ya QNS&L, imadutsa m'chipululu cha kumpoto kumene kulibe matauni ambiri, ndipo inapatsidwa mfundo zambiri zoti itsatire isanayambe. MMA inayamba kutero pa njanji ya pakati pa Farnham ndi Lac-Mégantic mu 2012. Bungwe lofufuza lija linati silikanatha kunena motsimikiza kuti munthu wachiwiri akanaletsa ngoziyo. Mwina n'zoona. Koma boma lenilenilo silinadikire umboni: pa 23 Julayi 2013, patangopita masiku 17, linaletsa kuyendetsa sitima za katundu woopsa ndi munthu mmodzi, ndiponso kuzisiya zokha pa njanji yaikulu. Lamulo limene linatheka kulembedwa m'masabata awiri ndi theka anthu atafa likanathekanso iwo asanafe.

Mwini mphamvu pa MMA anali Edward Burkhardt, wa kampani ya Rail World ya ku Chicago, munthu wodziwika pogula njanji zimene zikugwa n'kuzidula ndalama zoyendetsera. Anafika ku Lac-Mégantic pa 10 Julayi, patatha masiku anayi. Poyamba analoza chala ozimitsa moto a ku Nantes. Atafika, analoza Harding pamaso pa atolankhani n'kunena kuti wamuimitsa ntchito popanda malipiro. Analankhula m'Chingerezi, kwa anthu olira amene chilankhulo chawo ndi Chifalansa.

Boma ndi eni mafuta

Kuyambira mu 2001, Canada inatsata njira yoti kampani iliyonse ya njanji izilemba yokha ndondomeko yake yopewera ngozi, ndipo unduna wa za mtengatenga, Transport Canada, uzibwera kudzaona ngati ndondomekoyo ikugwiradi ntchito. Ganizo lake si loipa, poti kampani ndi imene imadziwa njanji yake kuposa mlendo. Koma limadalira kuti woyenderayo azibweradi. MMA inayamba ntchito mu 2003, koma ndondomeko yake inaunikidwa koyamba mu 2010. Oyendera a boma ankapeza zolakwika zomwezomwezo chaka ndi chaka, n'kumalemba, osalondola kuti zakonzedwa. Mu Novembala 2013 mkulu wounika kayendetsedwe ka chuma cha boma, Michael Ferguson, anapeza kuti pa zaka zitatu undunawo unachita 26 peresenti yokha ya kuunika kumene unakonza kuchita pa makampani a njanji.

Pamene woyendera ankagona, katundu ankasintha. Mu 2009 njanji za ku Canada zinanyamula matanki pafupifupi 500 a mafuta osayenga. Mu 2013 anafika 160,000. Mafuta a ku North Dakota anali atachuluka kuposa mapaipi, ndiye anayamba kuyenda pa njanji, ngakhale pa njanji zotha ngati ya MMA imene malo ambiri sitima zinkachita kukwawa. MMA sinakhale pansi kuti ione zoopsa zatsopano zobwera ndi katundu watsopanoyu, ndipo boma silinaikakamize.

Matanki omwewo anali a mtundu wa DOT-111, achitsulo chopyapyala, amene ofufuza ngozi ku America anali atachenjeza kuyambira mu 1991 kuti amabooka msanga sitima ikagwa. Zaka 22 za machenjezo. Mafuta nawonso analembedwa m'mapepala ngati a gulu losayaka msanga, chonsecho anali a gulu loopsa kuposa pamenepo, oyaka pafupifupi ngati petulo. Anapakiridwa ku New Town, ku North Dakota, pansi pa kampani ya World Fuel Services. Canadian Pacific inawanyamula mpaka ku Montreal n'kuwapereka kwa MMA. Ankapita kwa Irving Oil, ku malo ake oyengera mafuta ku Saint John, m'chigawo cha New Brunswick. Aliyense mwa amenewa ankapeza phindu pa ulendowo. Anthu a ku Lac-Mégantic, amene sitimazo zinkadutsa pakhomo pawo, sanafunsidwe ndi wina aliyense, ndipo panalibe lamulo loti tauni yawo iuzidwe zimene zili m'matankimo.

Amene anamangidwa unyolo

Mu Meyi 2014 apolisi anagwira anthu atatu: Harding, Labrie, ndi Jean Demaître amene ankayang'anira ntchito za MMA ku Quebec. Harding anamugwirira kunyumba kwake ndi apolisi a zida zamphamvu, ngati chigawenga. Onse atatu anawayendetsa ali m'maunyolo pamaso pa anthu a ku Lac-Mégantic, aliyense ndi milandu 47 yopha anthu chifukwa chosasamala. Amene anakonza zimenezi mwina ankayembekeza kuti khamulo likuwa. Linangokhala chete, ndipo ena anamveka akunena kuti si amenewa amene akuwafuna.

Mlandu unazengedwa ku Sherbrooke kuyambira mu Okutobala 2017. Pa 19 Januwale 2018, anthu wamba 12 amene anasankhidwa kugamula mlanduwo, atakambirana masiku 9, anapeza onse atatu osalakwa. Izi sizikutanthauza kuti Harding anamanga sitima bwino, ndipo maloya ake sananene zimenezo. Pa mlandu wotere khothi silifunsa ngati munthu analakwitsa. Limafunsa ngati anatayiratu moyo wa anzake kunkhongo, mosiyana kwambiri ndi mmene wantchito wanzeru akanachitira pamalo pakepo. Munthu amene anamanga mabuleki, anayesa ngakhale molakwika, ananena za injini yodwala, n'kufunsa ngati abwerere, n'kovuta kumuika m'gulu limenelo.

Mwezi wotsatira, akuluakulu ena akale a MMA, kuphatikizapo mkulu wake Robert Grindrod, anavomera milandu yaing'ono yophwanya lamulo la chitetezo cha pa njanji, ndipo asanu analipitsidwa madola 50,000 aliyense. Harding anavomeranso mlandu womwewo n'kupatsidwa chilango cha miyezi 6 chogwirira kunja kwa ndende. Irving Oil inali itavomera kale milandu 34 yokhudza kanyamulidwe ka katundu woopsa mu 2017, n'kulipira madola 4 miliyoni. Mlandu wa imfa umene unatsegulidwa pa kampani ya MMA unathetsedwa mu Epulo 2018. Burkhardt sanaimbidwe mlandu uliwonse wa upandu. Pa imfa za anthu 47, palibe anakalowa m'ndende.

Chodabwitsa n'chakuti Canada ili ndi lamulo lopangidwira zinthu ngati zimenezi. Mu 1992 mgodi wa malasha wa Westray ku Nova Scotia unaphulika n'kupha anthu 26, ndipo palibe bwana anapezeka wolakwa. Mkwiyo wa anthu unabala lamulo la mu 2004 lonena kuti aliyense wolamulira ntchito ya mnzake ali ndi udindo woteteza moyo, ndipo kampani ingazengedwe mlandu wa upandu. Lamulolo lilipo, koma siligwiritsidwa ntchito kawirikawiri. Ku Britain anakumana ndi khoma lomwelo. Njanji itathyoka ku Hatfield mu Okutobala 2000 n'kupha anthu 4, zinadziwika kuti vuto la njanjiyo linali litaonedwa kale, koma milandu yopha anthu imene inatsegulidwa pa mabwana inagwa, makampani n'kungolipira chindapusa. Ndi mu 2007 pamene anapanga lamulo loti kampani izizengedwa pa imfa popanda kufunafuna bwana mmodzi woti ndiye mutu wake.

Chifukwa chake n'chosavuta kuona. Khothi limafuna dzanja limene linachita chinthu ndi ola limene linachichita. Dzanja la dalaivala limaoneka: mabuleki 7, nthawi yakuti, malo akuti. Chigamulo chomata injini m'malo moikonza, chosunga mabogi a matabwa pa njanji yotetezeka, chochotsa munthu wachiwiri, chimagawika pakati pa anthu ambiri ndi misonkhano yambiri, ndipo aliyense anganene moona kuti gawo lake lokha silikanapha munthu.

Udindo uyezedwe ndi chiyani?

Pali misampha iwiri pa nkhaniyi, ndipo yonse inaoneka ku Lac-Mégantic. Woyamba ndi wa Burkhardt: kupeza wantchito wotsiriza kugwira sitima n'kumuunjikira zonse. Wachiwiri ndi wochenjera kuposa pamenepo. Munthu amatenga zifukwa 18 zija n'kunena kuti, mwaona, ndi zinthu zambiri zinangokumana, palibe mwini. Lipoti la ofufuza limathandiza bodza limeneli mosafuna, chifukwa lamulo limaletsa bungwelo kunena kuti wolakwa ndi uje. Ntchito yake ndi kupeza choti chikonzedwe. Koma chifukwa chilichonse mwa 18 zija chinali ndi munthu wake amene akanatha kuchisintha.

Kuona kwanga, udindo uyenera kukula molingana ndi mphamvu imene munthu anali nayo yosintha zinthu, ndi nthawi imene anali nayo yoganiza. Harding anali ndi mphindi zochepa, usiku, atayendetsa sitima maola pafupifupi 9, ali yekha. Amene analola kuti sitima ya malita 7.7 miliyoni a mafuta izigona pa mtsetse pamwamba pa tauni anali ndi miyezi, akatswiri owalangiza ndi mapu pa tebulo. Aliyense amene anagwirapo ntchito ndi anthu amadziwa kuti tsiku lina wantchito wabwino adzalakwitsa. Njanji zinaphunzira zimenezi kalekale, n'chifukwa chake pali zitsulo zogwetsa mabogi othawa, mabuleki ogwira okha, ndi munthu wachiwiri. Kampani ikachotsa zotchinga zimenezi chimodzichimodzi kuti ipulumutse ndalama, n'kutsala ndi manja a munthu mmodzi, yasankha dala kuti cholakwa chimodzi chikhale chokwanira kupha tauni. Kusankha kumeneko n'kolemera kuposa kuiwala kumasula buleki.

Kulanga dalaivala yekha kumawononganso chitetezo chenichenicho. Ku Japan, pa 25 Epulo 2005, sitima ya JR West inachoka pa njanji ku Amagasaki n'kuwomba nyumba yosanja, ndipo anthu 107 anafa, woyendetsa wa zaka 23 ali m'gulumo. Analowa pokhota pa makilomita 116 pa ola pamene malire anali 70. Anali atapitirira malo oimira pa siteshoni yam'mbuyo, anali atachedwa pang'ono, ndipo ofufuza anapeza kuti maganizo ake ayenera kuti anali pa chilango chimene chinkamudikira. Kampaniyo inkachotsa madalaivala olakwitsa pa sitima n'kumawalembetsa malipoti odzidzudzula ndi kuwazulitsa udzu kwa masiku ambiri. Wantchito woopa amabisa cholakwa, ndipo cholakwa chobisika sichikonzedwa. Kumenekonso akuluakulu akale a kampani anazengedwa milandu n'kupezeka osalakwa.

Ozimitsa moto a ku Nantes, amene analozedwa chala poyamba, anachita zimene anayenera kuchita. Moto wa mafuta suzima injini ikupopabe mafutawo. Kudziwa kuti injini ikazima mabuleki amasuka inali ntchito ya eni sitima.

Ndalama, thanzi ndi njanji yolambalala

MMA inali ndi inshuwalansi ya madola 25 miliyoni okha, pamene kuyeretsa dothi ndi madzi kokha kunafuna mamiliyoni mazanamazana. Mafuta okwana pafupifupi malita 100,000 analowa mumtsinje wa Chaudière. Mu Ogasiti 2013, patangotha mwezi, kampaniyo inalengeza kuti yagwa. Boma la Quebec ndi la Canada ndi amene ananyamula mtolowo, kutanthauza okhoma msonkho, ofedwa omwe ali m'gulumo. Apa pali funso kwa bungwe la boma limene linapatsa MMA chiphaso: zinatheka bwanji kuti kampani iloledwe kunyamula katundu wotha kuwononga zoposa zimene ingalipire? Mu 2015 lamulo linasintha, ndipo tsopano kampani yonyamula katundu woopsa wambiri imafunika inshuwalansi yofika madola 1 biliyoni. Matanki a DOT-111 analetsedwa kunyamula mafuta osayenga ku Canada kuyambira mu Novembala 2016.

Makampani pafupifupi 25 okhudzidwa ndi ulendo wa mafutawo, pamodzi ndi boma la Canada, anasonkha thumba la chipukutamisozi la madola pafupifupi 450 miliyoni, posinthana ndi kuti asadzasumiridwenso, ndipo popanda kuvomera kulakwa. Canadian Pacific inakana kuponyamo kalikonse. Mu Disembala 2022 khothi la ku Quebec linagwirizana nayo, n'kunena kuti ngoziyo inabwera chifukwa cha Harding ndi MMA, kampani imene panthawiyo kunali kulibenso. Mabanja a omwalira akhala akupempha kafukufuku wapoyera woti akuluakulu a boma ndi a makampani adzayankhe mafunso atalumbira. Boma la Canada silinavomere.

Kuvulala kwa anthu sikunathere pa amene anapsa. Achipatala a m'chigawo cha Estrie, motsogozedwa ndi Dr. Mélissa Généreux, anayamba kufunsa anthu chaka ndi chaka za mmene akupezera. Patatha zaka ziwiri ndi theka, pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse amene anafunsidwa m'tauniyo anali adakali ndi zizindikiro za kuvulala m'maganizo: kusowa tulo, kudzidzimuka, mantha osatha. Chimodzi mwa zoutsa manthawo chinali sitima yomwe. Njanji inakonzedwa msanga, ndipo mu Disembala 2013 sitima zinayambanso kudutsa pakati pa tauni, chifukwa mafakitale a m'deralo, amene amalemba ntchito anthu omwewo, sangayende popanda njanji.

Anthu anapempha kuti njanjiyo ichotsedwe m'tauni. Mu Meyi 2018 nduna yaikulu Justin Trudeau ndi mtsogoleri wa Quebec Philippe Couillard analonjeza njanji yolambalala ya makilomita oposa 12, ya madola 133 miliyoni, yolipiridwa ndi maboma awiriwo. Mu Julayi 2023, pokumbukira zaka 10 chichitikire ngoziyo, inali isanamangidwe, ndipo mtengo wake unali utakwera kwambiri. Njanji yakale ija inali itagulidwa ndi Canadian Pacific, kampani yomwe inakana kusonkha ija. Njira yatsopanoyo ikuyenera kudutsa m'minda, m'nkhalango ndi m'madambo a ku Nantes ndi Frontenac, ndipo eni malo ambiri kumeneko anaikana poopa kuti iwononga zitsime zawo. Mu 2023 boma linayamba kuwalanda malowo mwalamulo, ena mwa iwo ali anthu amene anataya abale awo pa moto wa mu 2013.